Gulani galasi, kompyuta ibwere pambuyo: mawu anga pa nkhani ya telesikopu

Uthengawu ndi wautali ndithu, ndiye amene muli pa ntchito usungeni kaye, muwerenge madzulo mukatha kudya nsima.

Nkhani ya telesikopu yakula pakati pathu masiku ano. Pali anyamata ndi atsikana amene akusonkherana ndalama kuti agule imodzi ya gulu. Ena ali ndi achimwene awo ku Johannesburg kapena ku Cape Town ndipo akufuna kuwatuma. Pafupifupi onse maso ali pa mtundu umodzi: ija ya kompyuta, imene umangodina batani n'kusankha Saturn, iyo n'kutembenuka yokha kukaloza. Pa bokosi amalemba kuti GoTo. Ndi chida chabwino, zimenezo sindikukana. Koma maganizo anga ndiwanene poyambirira pomwe, kuti amene safika kumapeto amve: ngati ndalama zili zochepa, ziikeni pa kukula kwa galasi, osati pa timota ndi mabatani. Ndipo ngati mwatsimikiza kuti mukufuna ya kompyuta basi, musagule imene imasanduka chitsulo chabe batire likatha.

Tsopano zifukwa zanga.

*Ntchito yeniyeni ya telesikopu*

Ambiri timaganiza kuti telesikopu ndi yokulitsa zinthu. Kukulitsako kulipo, koma ntchito yake yoyamba ndi kutunga kuwala. Mvula ikamagwa, amene watchera beseni amapeza madzi ambiri kuposa amene watchera kapu. Diso la munthu mu mdima limatseguka pafupifupi mamilimita 7. Galasi la mamilimita 50, ngati la bainokyula, limatunga kuwala kochuluka pafupifupi ka 50 kuposa diso. La mamilimita 130 limaposa ka 300. La mamilimita 200 limaposa ka 800. Mukuona kuti galasi likangokula pang'ono, kuwala kumakwera kwambiri. Ndiye nambala yoyamba kufunsa pogula ndi imeneyo: pakamwa pake ndi mamilimita angati?

Kompyuta siwonjezera kuwala ngakhale dontho limodzi. Telesikopu ya mamilimita 130 ya kompyuta ndi ya mamilimita 130 yokankha ndi manja, zikaloza chinthu chimodzi, zimakuonetsani zofanana ndendende. Kusiyana kwake ndi mtengo. Ndalama zimene mwalipira pa timota, magiya ndi kabokosi ka mabatani, zikanatha kukugulirani galasi lalikulupo.

Chenjeraninso ndi mabokosi olembedwa manambala akuluakulu, 525x kapena 675x, pamene kagalasi kake ndi ka mamilimita 60 kapena 70. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Lamulo limene odziwa amatsata ndi loti malire a kukulitsa ndi pafupifupi kawiri mamilimita a galasi. Galasi la 70 limathera cha m'ma 140. Ukapitirira apo umangoona chimbuuzi chonjenjemera. Kukulitsa kumasinthidwa ndi kagalasi kosuzumirapo kaja, kamene amati eyepiece. Masamu ake ndi a ku pulaimale: telesikopu yolembedwa 650 mm, ukaikapo eyepiece ya 25 mm, ndi 650 kugawa ndi 25, yankho 26. Ukaikapo ya 10 mm, yankho 65. Pa 65 pomwepo mphete ya Saturn imaoneka kale. Galileo mu 1610 anaona miyezi inayi ya Jupiter ndi katelesikopu kokulitsa pafupifupi ka 20, kopanda waya ngakhale m'modzi.

*Zimene wogulitsa sakuuzani za kompyutayo*

Telesikopu ya GoTo siidziwa thambo ikangotuluka m'bokosi. Usiku uliwonse uyenera kuiuza kumene ili ndi nthawi yake. Miyendo yake ikhale yolingana bwino. Ulembe tsiku, ndipo pa mitundu yambiri mwezi ndi umene umayamba, tsiku pambuyo, monga amachitira ku America. Ulembe nthawi, n'kusankha kuti ife tili patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya Greenwich, ndipo kuno sitisintha mawotchi pa chaka. Ulembe malo: ku Mangochi kuno tili pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa equator ndi 35 kummawa. Ukaiwala kusankha South, makinawo aganiza kuti uli kumpoto ndipo azikulozera mchenga.

Ukatero, uyenera kuilozetsa pa nyenyezi ziwiri kapena zitatu zowala, iliyonse uiike pakatikati pa eyepiece. Celestron ali ndi njira yotchedwa SkyAlign imene imalola zinthu zitatu zilizonse zowala ngakhale sukuzidziwa mayina. Koma njira zina zimakufunsa dzina: loza Canopus, loza Achernar, loza Antares. Ndiye taonani nkhani yake. Munthu wagula makina kuti asavutike kuphunzira nyenyezi, makinawo akumufunsa yemweyo kuti Canopus ali kuti. Ndipo mwana akangogunda mwendo umodzi, kapena waya wa batire ukangogwedera, zonse zafufutika, yambiraninso.

Nanga mphamvu? Mitundu yotchuka ngati NexStar 130SLT imadya mabatire ang'onoang'ono a AA asanu ndi atatu, ndipo sachedwa kutha. Akayamba kufooka, timota timayenda mwaulesi ndipo kulozako kumasokonekera. Njira yabwino ndi batire la 12V, ngati la njinga yamoto kapena la sola, zimene kunyanja kuno tili nazo chifukwa cha nyali za usipa. Koma polumikiza muonetsetse pulasi ndi mainasi. Ndinu mboni kuti waya m'modzi wotembenuzidwa amawotcha bolodi nthawi yomweyo, ndipo bolodi ya telesikopu simungaipeze pa msika wa Mangochi.

Amalembanso kuti muli zinthu 4,000 m'kompyutamo, ina 40,000. Zoona, zilimo. Koma zambiri ndi zofooka kwambiri moti kagalasi ka mamilimita 100 sikangazione. Makina alira, atembenuka, aima, alemba kuti tafika. Iwe kusuzumira, mdima wokhawokha. Kukufikitsa pa malo a nsomba ndi nkhani ina, kukhala ndi khoka lozigwirira ndi nkhani inanso.

*Funso la makaniko*

Ine ntchito yanga ndi ya injini za maboti, ndiye chinthu chilichonse ndimachifunsa funso limodzi: chikafa, tichikonza ndi chiyani, kuti, ndipo ndani? Mukudziwa chifukwa chimene injini ngati Yamaha Enduro zadzadza m'madoko mwathu. Si kuti palibe zamakono kuposa pamenepo. Ndi chifukwa choti kabureta ikatseka, timaimasula pamchenga pomwepo ndi sipanala ndi sikuludiraiva, dzuwa lisanalowe alovi ali pamadzi. Injini imene imafuna laputopu kuti inene pamene pakupweteka ndi yabwino kumene kuli laputopuyo.

Telesikopu ndi chimodzimodzi. Pali mtundu wotchedwa Dobsonian, dzina lochokera kwa John Dobson wa ku San Francisco, amene m'zaka za m'ma 1960 ankapanga matelesikopu ndi zinthu zotsika mtengo n'kumaonetsa anthu wamba mwezi m'mbali mwa misewu. Ndi mpope wokhala ndi kalilole wokumbika pansi pake, wokhazikidwa pa bokosi la matabwa. Umaukankha ndi dzanja, m'mwamba, pansi, kumanja, kumanzere, basi. Bokosi likathyoka, kalipentala wa maboti alikonza. Kalilole akapendekeka, pali masikuluwu atatu kumbuyo, umawasintha pang'onopang'ono ngati mmene timachunira injini mpaka ilire bwino. Palibe chimene chimafuna magetsi.

Tiganizirenso kumene tikukhala. Mchenga wathu umalowa paliponse, ndipo ukalowa m'magiya ang'onoang'ono umawadya. Chinyezi cha m'nyanja chimabweretsa dzimbiri pa mawaya ndi nkhungu pa magalasi, osanenanso za nkhungu zinazi zouluka, zimene zikatera zimadzadza chilichonse chotsegula. Mwera ukamaomba mu June ndi July, miyendo yopyapyala ya aluminiyamu imene imabwera ndi ma GoTo otsika mtengo imanjenjemera, ndipo nyenyezi imavina m'galasi ngati nyali ya pa bwato. Bokosi la Dobsonian limakhala pansi, lolemera, silitekeseka msanga.

*Thambo lathu si la ku London*

Apa ndi pamene pagona mtima wa nkhaniyi. Munthu wa mu mzinda waukulu ngati London kapena Johannesburg akayang'ana kumwamba usiku amaona nyenyezi zowerengeka, chifukwa magetsi a mzinda aphimba zonse. Alibe zizindikiro zomulondolera. Kwa iye kompyuta ndi ndodo ya wakhungu, ndipo akuyenera kuigula. Ife vuto limenelo tilibe. Kuyambira May mpaka August, mwezi ukakhala kuti kulibe, Mlalang'amba umadutsa pafupifupi pamutu pathu, woyera ngati utsi. Masiku amdima omwewo amene usipa umabwera pa nyali ndi amenenso thambo limaonetsa zonse. Mwana wa msodzi aliyense amadziwa kale kuwerenga mwezi, amadziwa kuti lero utuluka mochedwa, amadziwa kuti sabata yamawa kuli mdima. Theka la maphunziro a zakuthambo tinayamwira.

Makolo athu anazipatsa mayina kalekale. Nthanda ya m'bandakucha, imene ndi pulaneti Venus, ndipo ukaiona m'telesikopu nthawi zina imakhala chibenthu ngati mwezi. Nsangwe, kagulu kaja kothithikana. Akamwiniatsatana, zitatu zija zondondozana, zimene pambali pake pali kamtambo kotchedwa Orion Nebula kumene nyenyezi zatsopano zikubadwira. Anthu amene ankabwerera kudoko usiku poyang'ana kumwamba sankadina batani. Ndiye zingakhale zachisoni kuti zidzukulu zawo, zokhala pansi pa thambo lomwelo, zizilephera kupeza Jupiter chifukwa choti batire latha.

Komanso zinthu zabwino kwambiri za kummwera kuno ndi zowala, zosavuta kupeza. Mtanda wa Kummwera, Southern Cross, aliyense angauone. Pambali pake pali nyenyezi ziwiri zowala zoulozera. Yowala kwambiriyo ndi Alpha Centauri, ya m'banja la nyenyezi limene lili pafupi kwambiri ndi dzuwa lathu, koma kuwala kwake kumatenga zaka zoposa zinayi kuti kufike kuno. Ukailoza ndi telesikopu umapeza kuti ndi ziwiri. Pafupi ndi Mtandawo pali kagulu kotchedwa Jewel Box. Chakumtunda kwake kuli Omega Centauri, mpira wa nyenyezi mamiliyoni, umene diso lokha limauona ngati kadontho kofufuma. Kuyambira cha mu October kupita m'tsogolo, madzulo kummwera kumaoneka timitambo tiwiri tosasuntha ndi mphepo, Magellanic Clouds, timene ndi milalang'amba ina payokha. Zonsezi umaziona kaye ndi diso, kenako n'kulozetsa mpope. Kompyuta ikuthandizani chiyani pamenepa?

Ndipo pali ndalama pa nkhaniyi, tisanamizane. Alendo ochokera ku Britain kapena Germany amene amabwera ku Cape Maclear, Senga Bay ndi Nkhata Bay sangaone Mtanda wa Kummwera kapena timitambo tija ali kwawo. Wachinyamata wodziwa thambo, wokhala ndi telesikopu yodalirika, ali ndi chinthu choonetsa chimene mlendo sangachipeze kwawo. Koma mlendo amafuna munthu wofotokoza, woloza ndi chala n'kunena dzina la Chichewa ndi la Chingerezi. Munthu wongodina mabatani, makina akakana pamaso pa alendo, watha ntchito usiku umenewo.

*Mbali inayo nayonso ili ndi mfundo*

Amene akufuna GoTo si opusa ayi. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola. Ukakulitsa kwambiri, Saturn amadutsa m'galasi n'kutuluka pa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndiye pa Dobsonian umayenera kumakankha pang'ono nthawi ndi nthawi. Ngati pali ana makumi atatu a sukulu pamzere, telesikopu yotsata yokha imathandiza zedi, chifukwa aliyense amapeza chinthucho chili pakati. Chachiwiri, zinthu zofooka ngati Neptune kapena milalang'amba yakutali zimavuta kupeza ndi manja ukakhala woyamba kumene. Chachitatu, amene akufuna kujambula zithunzi za timitambo ta kuthambo sangachitire mwina, amafunika timota. Ndipo mu September ndi October, utsi wa moto wa m'tchire ukaphimba nyenyezi zing'onozing'ono, kuloza ndi maso kumavutirapo.

Zonsezi ndikuvomera. Koma onani kuti zonsezi ndi zosowa za munthu amene wayenda kale ulendowu, amene waona mwezi, Jupiter ndi Saturn mpaka kukhuta ndipo akufuna zina. Si zosowa za usiku woyamba. Ndipo kukankha mpope kuti utsate pulaneti dzanja limazolowera msanga, ngati mmene limazolowerera kugwira chiwongolero pa mafunde.

*Ngati mwatsimikiza za kompyuta, funsani mafunso asanu awa*

Loyamba: galasi ndi mamilimita angati? Ine sindingapite pansi pa 130 pa telesikopu ya kalilole.

Lachiwiri: mphamvu ikatha, ingatembenuzidwe ndi manja? Mitundu ina siilola, imangouma pomwepo. Ina, ngati Virtuoso GTi ya Sky-Watcher, uli ndi ufulu womasula n'kukankha wekha. Funso limeneli ndi lofunika kuposa onse kunyanja kuno.

Lachitatu: imalandira 12V kuchokera ku batire lakunja? Waya wake muitanitsiretu limodzi.

Lachinayi: chikhazikiro chake ndi cha mtundu wanji? Sankhani choyenda m'mwamba ndi m'mbali, chimene amalemba kuti alt-azimuth. Cha equatorial chimafuna kuchilozetsa pa nsonga imene thambo limazungulirapo. Akumpoto ali ndi Polaris yowalondolera, koma kuno Polaris siituluka n'komwe, ndipo nsonga ya kummwera ilibe nyenyezi yowala, komanso ili pansi, madigiri 14 okha kuchokera m'chizimezime. Malangizo ambiri a m'bokosi analembera anthu akumpoto.

Lachisanu: kabokosi ka mabatani kakafa, kena mukapeza kuti, ndipo pakatenga miyezi ingati? Muwerengerenso ndalama yonyamulira ndi msonkho wa pa malire musanasangalale ndi mtengo wa pa intaneti.

Palinso njira ya pakati imene ine ndimaikonda. Celestron ali ndi mtundu wotchedwa StarSense Explorer: mulibe mota, umangoika foni yako pa kachikhazikiro kake, kamera ya foni imazindikira nyenyezi, ndipo mivi imakuuza kokankhira. Foni ikazima, telesikopu ikadali telesikopu. Kungoti muyambe mwafufuza ngati foni yanu ikugwirizana nayo. Zosiyana ndi zimenezi ndi timakina ngati Seestar S50, ka mamilimita 50, kopanda posuzumira. Zonse umaonera pa foni. Kamajambula timitambo bwino, koma mapulaneti amaoneka aang'ono, ndipo diso lako silikumana ndi kuwala kwa nyenyeziyo. Amene cholinga chake ndi zithunzi akaganizire, koma adziwe chimene akugula.

*Mmene ine ndingayendere*

Mwezi woyamba musagule kalikonse. Ikani pulogalamu ya Stellarium pa foni kapena pa kompyuta, tulukani panja kutali ndi babu, dikirani mphindi 20 kapena 30 kuti maso azolowere mdima, phunzirani nyenyezi khumi zowala. Tochi muikulunge ndi pulasitiki wofiira, chifukwa kuwala koyera kumabweza maso pa chiyambi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako pezani bainokyula ya 7x50 kapena 10x50. Ya 7x50 ndi imene anthu a pamadzi amagwiritsa ntchito kale, ndiye masana ikuthandizani kuona maboti, usiku ikuonetsani zigwa zikuluzikulu za pa mwezi, Nsangwe ndi Omega Centauri. Ngati pakatha miyezi itatu gulu likutulukabe panja usiku, ndiye kuti chidwi n'chenicheni. Pamenepo gulani Dobsonian ya mamilimita 130, 150, kapena 200 ngati thumba lalola. Muisunge m'nyumba mouma, yotseka pakamwa, ndipo kalilole wake musamupukute ndi malaya. Mame akagwera, isiyeni iume yokha musanatseke.

Mudziwiretu kuti mitundu yowala ya pa zithunzi za Hubble ndi James Webb simudzaiona ndi diso. Timitambo timaoneka totuwa. Koma mizere ya pa Jupiter mudzaiona, timiyezi take tinayi tikusintha malo usiku ndi usiku mudzationa, ndipo munthu amene waona mphete ya Saturn koyamba sakhala chete.

Chenjezo limodzi lokha limene silifuna mtsutso: musalozetse telesikopu kapena bainokyula pa dzuwa, ngakhale pa nthawi ya kadamsana. Diso limapsa nthawi yomweyo ndipo silichira. Masana chidacho chikhale kumene ana sangachifikire.

Anzathu a ku South Africa ali ndi telesikopu yaikulu ya SALT ku Sutherland kuyambira 2005, ndi madishi 64 a MeerKAT ku Karoo kuyambira 2018. Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko asanu ndi atatu a mu Africa ogwirizana nawo pa ntchito ya SKA. Malawi mulibe. Ngati tidzalowemo tsiku lina, adzatilowetse ndi ana amene anayamba kufunsa mafunso ali pamchenga, akudziwa thambo ndi maso awo. Ndalama za gulu n'zovuta kusonkha kawiri, abale. Zikapita pa chida chimene chagona m'bokosi podikira waya wochokera kunja, ana amenewo abwerera kukaonera mpira ndipo sabweranso.

Amene akutsutsa ayankhe ndi mfundo, tikambirane. Ndipo amene mukudziwa gulu kapena mphunzitsi amene akufuna kugula, mutumizireni uthengawu asanatumize ndalama.

Ndatha ine wanu, mwana wa msodzi.